Kwa inu amene mumandifunsa mankhwala a stress

Sipatha sabata popanda munthu kundipeza, kaya m'kachipinda kathu ka kiliniki ya kuntchito, kaya pakhomo la tchalitchi, kaya pa WhatsApp usiku anthu atagona, ndi funso lomwelomwelo: "Anesi, mutu ukundiwawa kunkhongoku, tulo ndasowa, mtima ukungogunda ngati ndathamanga. Ndigule mankhwala anji?" Ndayankha mpaka pakamwa pauma. Lero ndilemba kamodzi, ndipo wondifunsanso ndizingomutumizira zimenezi.

Ndikulembera munthu wa pamalipiro, uja amalandira kangachepe mwezi ukatha, koma kangachepeko kakudikiridwa ndi anthu khumi ndi awiri. Mphunzitsi, kalaliki, dalaivala, mlonda, namwino mnzanga, ndiponso inu muli ku Joni amene kumudzi amayesa kuti ndalama mumachita kutola mumsewu.

Tiyambe tamvana pa mawu. Chimene m'tauni timati stress ndi chija makolo amati kuganiza kwambiri, ena amati kupanikizika. Galu wolusa akakutulukirani panjira, tiziwalo tiwiri tokhala pamwamba pa impso timathira m'magazi michere yotchedwa adrenaline ndi cortisol. Mtima umafulumira, shuga amachuluka m'magazi, minofu ya m'khosi ndi m'mapewa imakungika, m'mimba mumayamba mwasiya kugaya chakudya. Zonsezo n'zoti muthe kuthawa. Galu akabwerera, thupi limazizira. Koma thupi silisiyanitsa galu ndi uthenga wa alandilodi, ndipo alandilodi sabwerera. Ndiye mumakhala ngati munthu wothawa galu miyezi isanu ndi umodzi osaima. Mutu wa kunkhongo uja, kusowa tulo, kupsa mtima ndi ana pa zinthu zazing'ono, kuiwalaiwala kuntchito, kusowa chilakolako kuchipinda, gwero lake nthawi zambiri limakhala limeneli.

1. Kayezetseni musanadzigamule

Ine ndemwe ndimakana munthu akafika atadzipeza kale ndi matenda. Kuchepa kwa magazi, shuga, vuto la chithokomiro, ngakhale malungo, zonsezi zimatha kufoola thupi ndi kuthamangitsa mtima. Tengani kabuku kanu ka kuchipatala mupite.

Chachikulu ndi BP. Khalani pansi kaye mphindi zisanu musanayezedwe, osati mwangotsika pa kabaza befu ali m'khosi. Ikapezeka pa 140/90 kapena kuposera apo, mudzayezetsenso tsiku lina, chifukwa kuyeza kamodzi sikugamula. Manambalawo alembedwe m'kabuku. Anthu ambiri amandiuza kuti BP yawo ikakwera amaimva. Ayi ndithu. Ambiri amene ili pamwamba samva kalikonse, ndipo amadzaidziwa tsiku limene mkono wakana kunyamuka. Ngati munapatsidwa kale mankhwala a BP, musawasiye chifukwa choti ngongole yatha kapena mwagwirizananso ndi akunyumba. Amasintha mankhwala ndi amene anakulemberani.

Pali zizindikiro zosadikira mawa: chifuwa kuthina ngati pakhala mwala, ululu wotsikira kumkono kapena kunsagwada, pakamwa kukhota, mbali imodzi ya thupi kufooka, mawu kutuluka ngati mwaledzera. Zimenezo musazitche stress. Pezani galimoto nthawi yomweyo.

Ndionjezerepo za zilonda zam'mimba, poti aliyense amati "ma ulcers ndinawatenga chifukwa choganiza". Kuganiza kumakulitsa ululu, koma zilonda zambiri zimayamba ndi kachilombo kotchedwa H. pylori, kapena ndi mankhwala opha ululu monga brufen ndi diclofenac. Madokotala awiri a ku Australia, Barry Marshall ndi Robin Warren, analandira mphoto ya Nobel mu 2005 chifukwa chotulukira za kachilomboka. Kamachizika. Kumwa mkaka zaka zitatu sikungakaphe.

2. Siyani zomwe mukuziyesa thandizo

Panado wa tsiku ndi tsiku. Mukamamwa mankhwala a mutu masiku 15 kapena kuposa pa mwezi, mankhwalawo pawokha amayamba kubweretsa mutu. Mumamwa chifukwa mutu ukuwawa, mutu ukuwawa chifukwa mukumwa.

Mowa woti mupeze tulo. Umakugonetsani msanga, inde, koma cha m'ma 2 koloko usiku maso ali gwa, maganizo abwerera onse, kuphatikizapo ndalama yomwe mwasiya kubala.

Zakumwa zopatsa mphamvu zija, khofi, ndi tiyi wakuda bii. Theka la caffeine, mankhwala othamangitsa tulo amene ali m'zakumwazi, limakhala likadali m'thupi patatha maola pafupifupi asanu. Mukamwa 4 koloko madzulo kuti mumalize malipoti, musadabwe usiku.

Mapiritsi a tulo opatsidwa ndi mnzanu, makamaka diazepam. Thupi limawazolowera m'masabata ochepa, ndipo kuwasiya mwadzidzidzi n'koopsa. Ngati mwayamba kale kalekale, musasiye nokha, bwerani tikambirane.

Ndipo kandege ka pafoni kaja. Sindinaonepo munthu amene anabweza ngongole ndi kubetcha. Amene ndawaona ndi oti anabwera ndi ngongole imodzi, n'kudzabweranso ali ndi zitatu.

3. Tulutsani zonse m'mutu, ziikeni papepala

Usiku mavuto amaoneka ngati chimtolo chimodzi chosamasulika. Pezani ola limodzi masana, kope ndi cholembera. Lembani chilichonse chimene chimakudzutsani, ngakhale chochititsa manyazi. Kenako chigaweni patatu: zimene mungachitepo kanthu nokha sabata ino, zimene zikufuna kuti mulankhule ndi munthu wina, ndi zimene simungazisinthe. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023 simunafunsidwe, ndipo mtengo wa feteleza sutsika chifukwa inu simunagone. Zimenezo zipite m'gulu lachitatu, muzisiye pamenepo.

Njira imeneyi si yanga. Ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pabenchi panja pa chipatala n'kumamvetsera anthu amene Ashona amati ali ndi kufungisisa, kuganiza kwambiri komweku. Agogowo sapereka mapiritsi kapena ndalama. Amathandiza munthu kutchula mavuto ake limodzilimodzi, kusankhapo limodzi, n'kupangana chimene achite asanakumanenso. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti anthu ankapezadi bwino.

Ngongole zilembeni zonse, chiwongoladzanja chake pambali: ya kubanki, ya banki m'khonde, ya kuokala, ya mnzanu wa mu ofesi, ya katapila. Kwa amene simunalawe, katapila ndi ngongole ya kwa munthu wamba yobereka mwezi ndi mwezi, ndipo mwini ndalama nthawi zambiri amasunga khadi lanu la ATM kapena chiphaso cha unzika. Tiyerekeze munatenga K100,000 pa 50 peresenti. Mukamangopereka K50,000 ya pamwamba mwezi uliwonse, pakatha miyezi isanu ndi umodzi mwapereka K300,000, ndipo K100,000 ija ikadali chilili. Anthu ambiri sanawerengepo chonchi. Akawerengera patebulo panga amayamba akhala chete.

4. Kalankhuleni ndi anthu ake

Apa ndi pamene malangizo ambiri amalumpha. Amakuuzani kuti muzipuma mokoka mpweya, muzimwa madzi ambiri, muziganiza zabwino. Zonsezo zili bwino, koma yang'anani gulu lachiwiri lija papepala lanu. Muona kuti ndi lalitali kuposa ena onse, ndipo pamzere uliwonse pali dzina la munthu amene mukuopa kumuuza zoona.

Yambani ndi wa m'nyumba mwanu. Ndikudziwa abambo amene akhala pabanja zaka khumi ndi zisanu mayi a kunyumba osaonapo peyisilipi. Mayiwo amayesa mumalandira zambiri ndipo mukudyera kwina, inu mukubisa kuti theka limadulidwa lisanafike m'manja. Nyumba imodzi, anthu awiri osagona, aliyense ndi nkhani yake. Sankhani nthawi yoti ana agona ndipo simunakangane tsiku limenelo. Ikani peyisilipi ndi pepala la ngongole patebulo, munene kuti, "Amayi a Chisomo, pali zimene ndakhala ndikukubisirani chifukwa cha manyazi. Ndalama zathu zili chonchi." Adzakwiya, makamaka pa katapilayo. Asiyeni akwiye, musayambe kudziteteza kapena kuwakumbutsa zawo. Mkwiyo wa masiku atatu ndi wopepuka kuposa kubisa kwa chaka china. Amayi amene muli ndi ngongole ku mabanki m'khonde atatu, uku mukutenga kwina kukabweza kwina bambo osadziwa, mawu omwewa akukhudzani. Koma ngati mukudziwa kuti mnzanuyo amamenya, musaulule muli awiriwiri. Itanani ankhoswe.

Kenako akumudzi, ndipo apa ndikhalitsapo. Tinakula tikumva kuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Ambirife tinaphunzira ndi ndalama ya fodya wa amalume kapena ya mbuzi za agogo, ndiye foni ikalira kuti mwana wa achemwali wathamangitsidwa kusukulu, mawu oti "ndilibe" amakanirira pakhosi. Sindikukuuzani kuti musiye kuthandiza. Ine ndemwe ndimatumiza. Chimene chikukudwalitsani si kuthandizako, koma kuti kulibe malire ndipo kumabwera modzidzimutsa: lero fizi, mawa feteleza, mkuja denga lasasuka, ndipo nthawi iliyonse mumayankha kuti "ndiona", n'kupita kwa wakatapila.

Chitani chonchi. Werengerani ndalama imene mungathe kutumiza mwezi uliwonse popanda kukongola, ngakhale ikhale yochepa mochititsa manyazi. Mukatero pezani munthu mmodzi amene mawu ake amamveka pabanjapo, kaya ndi amalume eni mbumba, kaya mayi anu, kaya achemwali aakulu. Musawauze pa meseji. Pitani, kapena imbani nthawi yoti palibe amene wapempha kanthu, chifukwa kukana pamene munthu wapempha kale kumamveka ngati chipongwe, pomwe kunena pasadakhale kumamveka ngati dongosolo. Mawu ake akhale ngati awa: "Amalume, ndabwera kuti mundithandize nzeru. Kuchipatala andipeza ndi BP, ndipo ndili ndi ngongole imene ikundisowetsa tulo. Sindikufuna kusiya kuthandiza kuno. Chimene ndingakwanitse ndi chakuti, pa 28 mwezi uliwonse, ndipo ndizitumiza kwa inu kuti muziona pofunika. Zikapitirira apo ndiye kuti ndikukongola." Mwawapatsa ulemu wawo, mwanena nambala, ndipo simunaname.

Zolakwika zimene ndimaziona ndi izi. Kuzimitsa foni mwezi ukatha: amangoimbira akazi anu, ndipo mlandu umagwera iwo kuti ndi amene akukuletsani. Kunama kuti malipiro achedwa: mwangosuntha tsiku, ndipo tsopano mukusenzanso bodza. Kulonjeza kuti "mwezi wamawa": kumudzi lonjezo limenelo amakatengera ngongole kugolosale. Ndipo cholakwika chachikulu ndi kugonja pa pempho loyamba lodutsa malire aja. Lidzabwera ndithu, mwina sabata yomweyo, ndipo mukangotumiza, zonse munakambirana ndi amalume zafera pomwepo. Yankho lake ndi lalifupi: "Ya mwezi uno ndatumiza kale kwa amalume, kambiranani nawo."

Mudzamva mawu. Adzati mwayamba kunyada, tauni yakulowani, mkazi wanu anakudyetsani. Zimawawa, ndipo masabata oyambirira mwina tulo tidzasowa kuposa kale. Musadabwe nazo, ndipo musaganize kuti mwalakwitsa. Nthawi zambiri pakatha miyezi iwiri kapena itatu anthu amazolowera, chifukwa ndalama yochepa yodziwika tsiku lake imathandiza kuposa yambiri yosadziwika. Ngati muli ndi abale ena apantchito, lembani pa gulu la banja la WhatsApp zofunika zonse za chaka, fizi ya matemu atatu, feteleza, mankhwala a mayi, aliyense atchule mbali yake poyera. Mutu umodzi susenza denga, koma azing'ono anu sangadziwe kulemera kwake ngati inu mumangosenza mwakachetechete. Matenda aakulu ndi maliro n'zosapanganika, ndiye muziika kangachepe pambali mwezi uliwonse ka zimenezo zokha.

Wakatapila musamuthawe. Pitani ndi mboni, mumuonetse zimene mwapereka kale, mupemphe kuti chiwongoladzanja chiime ndipo yotsalayo muibweze m'magawo, zilembedwe ndi kusainidwa. Ena amakana, koma ambiri amasankha kulandira pang'onopang'ono kusiyana ndi kutaya zonse. Ngongole imeneyi ndiyo yoyamba kuithetsa, ndipo musatenge katapila wina kuti mutseke uyu.

Otsiriza ndi abwana. Musalowe mu ofesi mwawo ndi mawu oti "ndili ndi stress", chifukwa ambiri amangomva kuti ndinu waulesi. Lowani ndi pepala: "Bwana, ntchito zitatu izi zonse zikufunika Lachisanu. Ziwiri ndimaliza bwinobwino. Ndiyambe ziti?" Mwawapatsa chosankha m'malo mwa dandaulo. Dziwaninso zimene lamulo limakupatsani. Employment Act ya 2000 imati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, ndipo opitirira apo ndi ovataimu. Tchuthi cha pachaka ndi masiku a ntchito osachepera 18 ngati mumagwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, kapena 15 ngati mumagwira asanu. Mukakwanitsa miyezi 12 pantchito muli ndi masabata anayi a tchuthi cha matenda pa malipiro onse, ndi ena asanu ndi atatu pa theka, bola pakhale kalata ya kuchipatala. Asilikali, apolisi ndi a ndende ali ndi malamulo awoawo. Zikavuta, ku ofesi ya leba ya m'boma lanu ndi kumene amamva nkhani zotere.

Tchuthicho chitengeni. Ndimamva anthu akudzitama kuti atha zaka zinayi osapita pa holide, ngati ndi mendulo. Mu 2021 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO pamodzi ndi loona za ntchito la ILO linalengeza kuti kugwira ntchito maola 55 kapena kuposa pa sabata kumakweza chiopsezo cha sitiroko ndi 35 peresenti, poyerekeza ndi maola 35 mpaka 40. Ndipo mukatenga, musakathere masiku onse pa geni ina kapena kuyang'anira omanga nyumba.

5. Thupi nalo lipatseni zake

Izi n'zimene mumazidziwa kale, ndiye ndingodutsamo. Tulo maola asanu ndi awiri, kudzuka nthawi imodzimodzi ngakhale Loweruka. Foni igone patali ndi bedi, chifukwa uthenga wopempha ndalama wa 11 koloko usiku simungauchitire kanthu kufikira m'mawa. Mukagudubuzika kwa nthawi osagona, dzukani mukhale pampando mumdima mpaka tulo tibwere. Yendani mwandawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata. Kutsika minibasi masiteji awiri musanafike kwanu kwakwana, ndipo mwapulumutsako kena. Mchere usapitirire kasupuni kamodzi ka tiyi pa tsiku, kuwerengera ndi wa mu ndiwo, ndiye kambale ka mchere kachoke patebulo. Mtima ukayamba kuthamanga, kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, muutulutse pang'onopang'ono mpaka 6 kapena 8, kwa mphindi ziwiri. Kutulutsa motalikitsako ndi kumene kumatsitsa kugunda kwa mtima.

6. Dziwani pamene zapitirira kuganiza wamba

Ngati kwa masabata awiri kapena kuposa mwakhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lililonse, zimene munkazikonda sizikukomanso, mpira, kwaya, kucheza, chakudya sichikulowa, mukudziona ngati katundu kwa anthu, amenewo ndi matenda a kukhumudwa, aja achipatala amati depression. Amachizika ndi uphungu, nthawi zina ndi mankhwala, amene amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira. Pachipatala cha boma lanu funsani namwino kapena dokotala woona za maganizo. Kulinso Zomba Mental Hospital, St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndi Queen Elizabeth ku Blantyre. Kupita kumeneko si kuti mwapenga. Ambiri amene amakhala pamzere kumeneko m'mawa, masana amakhala ali pantchito zawo. Pempherani, abusa kapena ashehe akuyendereni, koma kuchipatala mupitenso.

Maganizo ofuna kudzipha akakufikirani, uzani munthu lero lomwe, ndipo musagone nokha. Malipoti a apolisi kuno kwathu amaonetsa chaka ndi chaka kuti ambiri odzipha ndi amuna, ndipo ngongole ndi nkhani za m'banja zimatchulidwa kawirikawiri. Tinawalera ndi mawu oti mwamuna salira. Inu amene mukuona mnzanu wasintha, wayamba kugawa katundu wake kapena kunena kuti "muzindisamalira anawa", mufunseni mosazungulira: "Achimwene, kodi mukuganiza zodzipha?" Funso limeneli silimupatsa maganizowo, limamutsegulira pakamwa. Akavomera, musamulalikire kapena kumukalipira. Chotsani m'nyumbamo mankhwala a makoswe, a mbewu ndi mapiritsi, khalani naye, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Kwa enanu, tipangane chonchi. Pakatha mwezi umodzi mubwere ndi zinthu ziwiri, kabuku ka kuchipatala kokhala ndi manambala a BP osachepera atatu, ndi pepala lija la magulu atatu. Ndisanakumangeni lamba pamkono ndidzayamba ndakufunsani kuti pa mayina a m'gulu lachiwiri mwalankhula ndi angati, ndipo amalume anayankha chiyani.